MASIKU 381 OYENDA PANSI MU MZINDA WA MONTGOMERY

M'nkhani yathu ya lero tiwoloka nyanja ya Atlantic, tipite ku Amereka, mu mzinda wa Montgomery, umene ndi likulu la chigawo cha Alabama. Mu mzinda umenewu, kuyambira pa 5 Disembala 1955 mpaka pa 20 Disembala 1956, anthu akuda adaleka kukwera mabasi. Adayenda pansi masiku 381, m'chisanu, m'mvula ndi padzuwa, kufikira lamulo la tsankho m'mabasi lidathetsedwa.

Ambiri mwa inu mudamvapo dzina la Mayi Rosa Parks. Nkhani yawo imakambidwa kawirikawiri mwachidule, kuti mayi wina wotopa ndi ntchito adakana kupatsa mzungu mpando, ndipo pompo zinthu zidasintha. Kukamba kotere kumabisa zambiri. Mayi Parks sadali oyamba kukana, ndipo kukana kwa munthu mmodzi sikudathetsepo lamulo. Funso lathu lero ndi ili: anthu osauka, opanda voti, okhala pansi pa apolisi ndi oweruza a adani awo, adapirira bwanji chaka chathunthu, nanga chimene chidagwetsa lamulolo n'chiyani?

Kuti timvane bwino, tiyambe taona m'mene dziko la Amereka limayendetsedwera. Dzikoli ndi mgwirizano wa zigawo, zimene lero zilipo 50, koma m'chaka cha 1955 zidali 48. Chigawo chilichonse chili ndi bwanamkubwa wake, nyumba ya malamulo yakeyake, apolisi ake ndi mabwalo ake a milandu. Pansi pa chigawo pali mizinda, imene nayonso imapanga malamulo ake. Pamwamba pa zonsezi pali boma lalikulu la ku Washington ndi malamulo aakulu a dziko lonse, amene adalembedwa m'chaka cha 1787. Lamulo la mzinda kapena la chigawo likasemphana ndi malamulo aakuluwo liyenera kugwa, koma siligwa lokha. Pafunika munthu woti akadandaule ku bwalo la milandu, ndipo mawu otsiriza amachokera kwa oweruza 9 a Bwalo Lalikulu la ku Washington. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa tidzaifuna kutsogoloku.

Ukapolo udatha ku Amereka m'chaka cha 1865, itatha nkhondo ya zaka zinayi ya pakati pa zigawo za kumpoto ndi za kummwera. Anthu pafupifupi 4 miliyoni adamasuka. Mzinda wa Montgomery uli ndi mbiri yake pa nkhondoyo, pakuti ndi mmenemo m'mene zigawo zopanduka, zofuna kusunga ukapolo, zidakhazikitsa likulu lawo loyamba m'chaka cha 1861. Nkhondo itatha, pa malamulo aakulu padawonjezedwa ndime zatsopano. Ndime ya 14, ya m'chaka cha 1868, idati aliyense wobadwira mu Amereka ndi nzika, ndipo chigawo chilichonse chiyenera kuteteza anthu onse mofanana. Ndime ya 15, ya m'chaka cha 1870, idaletsa kumana munthu voti chifukwa cha khungu lake.

Papepala zonse zidali bwino. Koma pofika m'chaka cha 1877 boma lalikulu lidaleka kugwiritsa ntchito asilikali ake poteteza akuda a kummwera, ndipo azungu a kumeneko adayamba kubwezeretsa ulamuliro wawo. Adapanga malamulo olekanitsa mitundu m'masukulu, m'zipatala, m'sitima, pa mipopi yomwera madzi, ngakhale kumanda. Malamulo amenewa adatchedwa Jim Crow. M'chaka cha 1896, pa mlandu wa Plessy, Bwalo Lalikulu lidavomereza kulekanitsaku, lidati palibe cholakwa malinga zinthu za mbali ziwirizo zikhale zofanana. Koma sizidafanane konse. Ku Alabama, malamulo a chigawo a m'chaka cha 1901 adaika msonkho wa voti ndi mayeso a kuwerenga, amene mlembi wachizungu ankatha kulepheretsa nawo aliyense amene sakumufuna. Motero anthu akuda adasowa njira yochotsera pampando owapondereza.

Tsopano tilowe m'basi ya ku Montgomery ya m'chaka cha 1955. Mwa okwera anayi alionse, atatu adali akuda, ambiri a iwo amayi ogwira ntchito yophika, yochapa ndi yolera ana m'nyumba za azungu. Oyendetsa onse adali azungu, ndipo lamulo la mzinda lidawapatsa mphamvu zonga za wapolisi pokhazika anthu m'basimo. Mipando 10 yakutsogolo idali ya azungu okhaokha, ndipo ngakhale ikhale yopanda munthu, wakuda ankangoimirira n'kumaiyang'ana. Yakumbuyo idali ya akuda. Pa yapakati akuda ankakhalapo ngati palibe mzungu woimirira, koma mzungu mmodzi akasowa malo, mzere wonse wa anthu anayi unkauzidwa kuti unyamuke, chifukwa wakuda sankayenera kukhala mzere umodzi ndi mzungu. Oyendetsa ena ankalamula wakuda kuti alipire masenti 10 pakhomo lakutsogolo, atsike, akalowere lakumbuyo, ndipo nthawi zina basi inkanyamuka munthuyo asanafike pakhomopo, ndalama atapereka kale. Manyazi amenewa munthu ankakumana nawo kawiri patsiku, popita ndi pobwera.

Padali anthu amene adayamba kale kukonzekera. Mmodzi mwa iwo adali Mayi Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa Chingelezi pa koleji ya anthu akuda ya Alabama State, amene ankatsogolera bungwe la amayi ophunzira la mu mzindamo. Pa 17 Meyi 1954, pa mlandu wa Brown, Bwalo Lalikulu lidagamula kuti kulekanitsa ana m'masukulu a boma n'kosemphana ndi ndime ya 14. Patangopita masiku anayi, Mayi Robinson adalembera kalata mfumu ya mzinda, a W. A. Gayle, yowachenjeza kuti akuda ndiwo akudyetsa kampani ya mabasi, ndipo zinthu zikapanda kusintha akhoza kuleka kukwera. Wina adali Bambo E. D. Nixon, wotumikira apaulendo m'sitima zokhala ndi zipinda zogona, munthu wosaphunzira kwambiri koma wozolowera ntchito za bungwe la apantchito. Iwowa adatsogolera kwa zaka zambiri nthambi ya NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa akuda kudzera m'mabwalo a milandu, limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1909.

Mlembi wa nthambi imeneyi kuyambira m'chaka cha 1943 adali Mayi Rosa Parks. Ntchito yawo yopezera chakudya idali yosoka m'sitolo ina yaikulu ya zovala, ndipo amuna awo, Bambo Raymond Parks, adali ometa tsitsi. Koma madzulo ndi pa masiku opuma ankalemba madandaulo a anthu omenyedwa, a amayi ogwiriridwa ndi a okanizidwa voti, ndiponso ankaphunzitsa achinyamata a m'bungwemo. Iwo eni adalembetsa voti m'chaka cha 1945, atabwezedwa kawiri. Mwa achinyamata amene ankawaphunzitsa mudali Claudette Colvin, mtsikana wa zaka 15, amene pa 2 Malichi 1955 adakana kunyamuka pampando, apolisi n'kumukoka kumutulutsa m'basi. Atsogoleri adafuna kumenyera nkhondo pa mlandu wake, koma pa apilo woweruza adataya mlandu wa lamulo la tsankho n'kusiya wolimbana ndi apolisi, motero padalibe pogwira. Mu Ogasiti chaka chomwecho, ku chigawo choyandikana nacho cha Mississippi, mnyamata wa zaka 14, Emmett Till, adaphedwa mwankhanza, ndipo omuphawo adamasulidwa m'bwalo. Mitima ya anthu idali itadzaza.

Lachinayi pa 1 Disembala 1955, madzulo, Mayi Parks, ali ndi zaka 42, adakwera basi yopita ku Cleveland Avenue. Sadakhale pa mipando ya azungu ayi, adakhala pa mzere woyamba wa yapakati, pamene lamulo linkawalola. Basi itadzaza, mzungu mmodzi adatsala chiimire, ndipo woyendetsa, James Blake, adalamula mzere wonse kuti unyamuke. Atatu adanyamuka, Mayi Parks adangosendera kuzenera. Woyendetsayo ankamudziwa, chifukwa ndi yemweyo amene adawasiyitsa basi m'chaka cha 1943 pa nkhani ya khomo lakumbuyo. Apolisi adabwera nawamanga. Pambuyo pake mayiwa adakana kangapo konse zoti adakhala chifukwa chotopa thupi. Chimene chidawakwana ndi kugonjera. Usiku womwewo Bambo Nixon, pamodzi ndi loya wachizungu Clifford Durr ndi akazi ake, adakawatulutsa pa belo. Atafika kunyumba, Bambo Nixon adawapempha kuti alole mlandu wawo ukhale woyesera lamulo. Amuna awo adaopa kuti azungu awapha, koma iwo adavomera.

Usiku umenewo Mayi Robinson sadagone. Adalowa mu ofesi ya pa koleji ndi mphunzitsi mnzawo ndi ophunzira awiri, napukusa makina ochulukitsira mapepala, onga amene aphunzitsi ankasindikizira mayeso m'masukulu mwathu muno. Kutacha adali ndi timakalata toposa 30,000 topempha wakuda aliyense kuti asakwere basi Lolemba, tsiku la mlandu. Amayi a m'bungwe lawo adali atagawana kale masukulu, masitolo ndi mometera tsitsi, kotero kuti pofika Lachisanu madzulo timakalatato tidali titafalikira. Kamodzi kadafika m'manja mwa azungu, ndipo Lamulungu nyuzipepala ya Montgomery Advertiser idalemba nkhaniyo pa tsamba loyamba. Mwa njira imeneyi ngakhale amene sadalandire kalata adamva. Tsiku lomwelo abusa adalengeza m'matchalitchi.

Lolemba m'mawa mabasi adayenda opanda anthu. M'misewu mudadzaza oyenda pansi, ena pa njinga, ena pa ngolo zokokedwa ndi abulu. Ku bwalo mlandu wa Mayi Parks sudatenge nthawi: adawapeza olakwa nawalipiritsa madola 10, ndi ena anayi a bwalo. Masana atsogoleri adakumana nakhazikitsa bungwe latsopano lotchedwa Montgomery Improvement Association. Posankha wapampando adaloza mbusa wa zaka 26 wa mpingo wa Baptist wa Dexter Avenue, Martin Luther King. Iyeyu adali mlendo, wobwera m'chaka cha 1954 chabe, ndipo ubwino wake udali womwewo: adali asanayambane ndi wina aliyense mwa atsogoleri akale, ndiponso akuluakulu a mzinda adali asanamukole ndi zokoma zawo. Madzulo anthu zikwi zingapo adadzaza tchalitchi cha Holt Street mpaka m'misewu yozungulira. Abusa Ralph Abernathy atafunsa amene akufuna kuti kunyanyala kupitirire, khamu lonse lidaimirira.

Mungadabwe kumva kuti zopempha zawo zoyamba zidali zochepa. Adapempha kuti oyendetsa azilemekeza okwera, kuti akuda azidzaza mipando kuyambira kumbuyo ndipo azungu kuyambira kutsogolo popanda wina kunyamutsidwa, ndiponso kuti pa misewu ya kumene kumakhala akuda palembedwe oyendetsa akuda. Sadapemphe kuti tsankho lithe. Adangofuna kuti lichepe ukali, monga zidali kale m'mizinda ina ya kummwera komweko. Akuluakulu a mzinda ndi loya wa kampani adakana zonse, poopa kuti akagonja pa chimodzi akuda adzadziwa mphamvu zawo. Kukana kumeneku ndiko kudatalikitsa nkhondoyo, ndipo pamapeto pake kudawataitsa zambiri kuposa zimene adapemphedwa.

Apa tifunse chifukwa chake zonsezi zidatsamira pa matchalitchi. Mphunzitsi wakuda ankalipidwa ndi boma la azungu, wantchito wa m'nyumba ankalipidwa ndi dona, koma mbusa ankalipidwa ndi mpingo wake. Tchalitchi chidali nyumba yokhayo yaikulu imene akuda adali eni ake, momwe ankatha kusonkhana, kusonkha ndalama ndi kusankha atsogoleri popanda kupempha chilolezo. Ife Amalawi mipingo imeneyi sitikuimva koyamba. Abusa King ndi Abusa Abernathy pa nthawiyo adali a mgwirizano wa mipingo ya akuda wotchedwa National Baptist Convention, womwe uja udathandiza Abusa John Chilembwe, atamaliza maphunziro awo ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kukhazikitsa mishoni ya Providence ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, m'chaka cha 1900.

Kunyanyala tsiku limodzi n'kosavuta. Chovuta ndi kufikitsa anthu zikwizikwi ku ntchito m'mawa uliwonse kwa miyezi yosadziwika, pamene ena amagwira ntchito mtunda wa mamailosi asanu kapena kuposerapo. Poyamba eni matakisi akuda adanyamula anthu pa masenti 10, mtengo wa basi. Akuluakulu a mzinda adakumbutsa lamulo loti takisi isalipiritse zochepera masenti 45, ndipo njira imeneyo idatsekeka. Pamenepo Abusa King adafunsa nzeru kwa Abusa T. J. Jemison a ku Baton Rouge, kumene akuda adanyanyalapo mabasi kwa masiku ochepa m'chaka cha 1953. Nzeru yake idali yotengana pa galimoto za eni. Anthu pafupifupi 300 adapereka galimoto zawo. Mzinda udagawidwa, pakaikidwa malo oposa 40 okwererapo m'mawa ndi ena otengerapo anthu madzulo, ndipo padali olembera, oitana galimoto ndi osunga nthawi. Pambuyo pake mipingo idagula galimoto zazitali zolembedwa maina a matchalitchi m'mbali. Makampani a inshuwalansi a mu mzindamo atakana kuziteteza, bungwe lidapeza inshuwalansi ku Lloyd's ya ku London.

Zonsezi zinkadya ndalama za petulo, matayala ndi malipiro a oyendetsa. Zina zinkachokera ku mipingo ndi mabungwe a m'mizinda ya kumpoto, koma zambiri zinkasonkhedwa pa misonkhano ya m'matchalitchi, imene inkachitika kawiri pa sabata. Apa tiyenera kutchula Mayi Georgia Gilmore, wophika m'nyumba ina yodyera. Iwo adasonkhanitsa amayi anzawo kuti aziphika nkhuku, makeke ndi zakudya zina n'kumagulitsa, ndalama n'kukapereka ku msonkhano. Pofuna kuteteza anzawowo kuti asachotsedwe ntchito, sankatchula dzina la wopereka aliyense, ankangoti ndalamazo sizidachokere kulikonse. Iwo eni adachotsedwa ntchito atachitira umboni m'bwalo, ndipo adayamba kuphikira anthu kunyumba kwawo. Ngakhale zidali choncho, galimoto sizinkakwanira onse. Ambiri adangoyenda pansi, kudzuka kusanache, kubwera kutada. Akuluakulu adati tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Chodabwitsa china n'chakuti madona ambiri achizungu, posafuna kukhala opanda wophika, ankapita okha pa galimoto kukatenga antchito awo, mfumu ya mzinda n'kumadandaula poyera.

Kampani ya mabasi idayamba kuluza, idatseka misewu ina n'kukweza mtengo. Mu Januwale 1956 mfumu ya mzinda ndi anzake adalowa poyera m'bungwe la azungu loteteza tsankho, nalengeza kuti zokambirana zatha. Apolisi adayamba kuimitsa galimoto zotengana pa zifukwa zazing'ono ndi kubalalitsa odikira m'mbali mwa msewu. Pa 26 Januwale Abusa King adatsekeredwa m'chitokosi, akuti adathamanga mamailosi 30 pa ola pamalo pa 25. Pa 30 Januwale usiku, iwo ali ku msonkhano, bomba lidaphulika pakhonde la nyumba yawo, mkati muli akazi awo, Mayi Coretta, ndi khanda la masabata khumi. Palibe adavulala. Khamu laukali lidasonkhana pakhomopo, ena atatenga mfuti ndi mipeni. Abusawo adaima pakhonde lophwasukalo nauza anthu kuti abweze zida kunyumba, asabwezere choipa. Mphindi imeneyo idali yoopsa kuposa zonse, pakuti wapolisi mmodzi akadaphedwa usiku umenewo, boma likadapeza chifukwa chothetsera zonse ndi mfuti.

Bomba lija lidatsimikizira atsogoleri kuti kupempha pang'ono sikuthandiza. Pa 1 Febuluwale 1956, loya wa bungwe, Fred Gray, mnyamata wa zaka 25, adakasuma ku bwalo la boma lalikulu. Iyeyu adakaphunzira za malamulo ku Ohio chifukwa sukulu ya malamulo ya kwawo ku Alabama sinkalandira akuda. Tsopano kumbukirani mfundo ija ndidati muisunge. Apilo ya Mayi Parks idali m'mabwalo a chigawo, m'manja mwa oweruza a Alabama, amene akadatha kuichedwetsa zaka zambiri. Gray adazemba njira imeneyo. Adatenga amayi anayi amene adazunzidwapo m'mabasi, Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi mtsikana uja Claudette Colvin, nafunsa bwalo funso limodzi: kodi malamulo a mabasi a Montgomery ndi Alabama akugwirizana ndi ndime ya 14? Mlanduwo umadziwika ndi maina a Browder ndi Gayle, ndipo dzina la Mayi Parks mulibemo.

Mzinda udabwezera pofukula lamulo lakale la m'chaka cha 1921 loletsa kugwirizana zolepheretsa malonda a wina. Mu Febuluwale atsogoleri pafupifupi 90 adaimbidwa mlandu. Iwo sadadikire kugwidwa. Adavala zovala za Lamulungu nakadzipereka okha ku polisi, khamu likuwaombera m'manja panja. Mu Malichi Abusa King adapezeka olakwa nalamulidwa kulipira madola 500. Koma mlandu umenewu udaitana atolankhani ochokera m'maiko ambiri, ndipo dzina la Montgomery lidamveka pa dziko lonse. Chithandizo cha ndalama chidachuluka kuposa kale.

Pa 5 Juni 1956 oweruza atatu a bwalo la boma lalikulu adapereka chigamulo. Awiri, Richard Rives ndi Frank Johnson, adati tsankho la m'mabasi n'losemphana ndi malamulo aakulu, mmodzi adatsutsa. Awiriwo adali azungu obadwira mu Alabama momwemo, ndipo chigamulochi chidawadanitsa ndi anansi awo kwa zaka zambiri. Mzinda udachita apilo, motero anthu adapitiriza kuyenda pansi miyezi ina isanu. Pa 13 Novembala akuluakulu a mzinda adali m'bwalo la chigawo kupempha kuti galimoto zotengana ziletsedwe. Mlandu uli mkati, mtolankhani adapatsa Abusa King kapepala konena kuti Bwalo Lalikulu la ku Washington lavomereza chigamulo cha mu Juni. Woweruza wa chigawo adaletsabe galimotozo tsiku lomwelo, ndipo kwa masabata asanu otsiriza anthu adayenda opanda thandizo la bungwe, kudikira kuti chikalata cha chigamulo chifike. Chidafika pa 20 Disembala. M'mawa mwake Abusa King, Abusa Abernathy, Bambo Nixon ndi mbusa wachizungu Glenn Smiley adakwera basi nakhala kutsogolo.

Nanga chidapambana n'chiyani, mapazi kapena bwalo? Amene adafafaniza lamulo ndi oweruza, ndipo akuluakulu a mzinda sadagonje mpaka chikalata chidawafika m'manja. Koma m'mizinda yambiri ya kummwera zigamulo zotere zinkangokhala papepala, monga chidakhalira cha masukulu cha 1954, chimene ku Alabama chidayamba kutsatidwa patapita zaka 9. Ku Montgomery chigamulo chidapeza anthu ogwirizana kale, okonzeka kukhala pa mipandoyo m'mawa mwake, ataphunzitsidwa m'matchalitchi zoyenera kuchita wina akawatukwana kapena kuwakankha. Amayi anayi aja nawonso sakadalimba mtima kuima m'bwalo pakadapanda khamu kumbuyo kwawo. Mutu umodzi susenza denga: loya adafuna oyenda pansi, oyenda pansi adafuna loya.

Komabe linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Masiku otsatira anthu osadziwika adawombera mabasi, ndipo mayi wina woyembekezera adalasidwa m'miyendo. Pa 10 Januwale 1957 mabomba adaphulika pa matchalitchi anayi ndi pa nyumba za abusa awiri. Azungu awiri amene adazengedwa mlandu adamasulidwa ndi azungu anzawo othandiza kuweruza. Mayi Parks adachotsedwa ntchito kunyanyala kutangoyamba, amuna awo nawonso adasiya yawo atawaletsa kutchula za mlanduwo pantchito, ndipo palibe adafuna kuwalembanso. M'chaka cha 1957 adasamukira ku Detroit, kumpoto, kumene adakhala zaka zingapo mu umphawi ndi matenda, kufikira m'chaka cha 1965 pamene phungu John Conyers adawalemba ntchito mu ofesi yake. Mayi Robinson adasiya uphunzitsi pa koleji ija m'chaka cha 1960 nachoka mu Alabama. Claudette Colvin adapita ku New York, nagwira ntchito yosamala okalamba kwa zaka zambiri, anzake a pantchito osadziwa mbiri yake.

Zimene zidaphunziridwa ku Montgomery zidafalikira kummwera konse: kusonkhana m'tchalitchi, kukana kugula kwa wokunyoza, kusabwezera, ndi kukasuma ku bwalo la boma lalikulu. Pa 2 Julayi 1964, kutatsala masiku anayi kuti dziko lathu lilandire ufulu wodzilamulira, Pulezidenti Lyndon Johnson adasaina lamulo lothetsa tsankho m'malo onse otumikira anthu ndi pa kulemba ntchito. Mu Malichi 1965 anthu adayendanso pansi mamailosi 54 kuchokera ku Selma kukafika ku Montgomery pofuna voti, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho lamulo loteteza voti lidasainidwa, patapita zaka 95 chilembedwere ndime ya 15. Abusa King adaphedwa ndi mfuti ku Memphis pa 4 Epulo 1968, ali ndi zaka 39. Nkhani ya voti sidathere pomwepo, pakuti m'chaka cha 2013, pa mlandu wochokera ku boma la Shelby mu Alabama momwemo, Bwalo Lalikulu lidafafaniza mbali ina yofunika ya lamulo la 1965 lija. Mzinda wa Montgomery udasankha mfumu yake yoyamba yakuda, a Steven Reed, m'chaka cha 2019.

Mayi Parks adamwalira ku Detroit pa 24 Okutobala 2005, ali ndi zaka 92, ndipo adakhala mayi woyamba amene thupi lake lidagonekedwa mwaulemu m'nyumba ya malamulo ya ku Washington. Msewu wa Cleveland Avenue udapatsidwa dzina lawo, ndipo basi ija idakonzedwanso n'kuikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Henry Ford ku Dearborn, m'chigawo cha Michigan. Ulemu umenewu ndi wowayenera. Koma mukamakamba nkhaniyi kwa ana, muwauzenso za mphunzitsi amene adapukusa makina usiku wonse, za wophika amene adabisa maina a anzake, za mtsikana wa zaka 16 amene adaima pamaso pa oweruza atatu, ndi za amayi zikwizikwi amene maina awo sadalembedwe paliponse, amene ankadzuka kusanache n'kuyamba ulendo wa ku ntchito basi ikuwadutsa yopanda anthu.